Shuga Amene Nyerere Zinkamukana

Kwawo kwa amuna anga, ku Khwethemule, anthu amakhulupirira kuti malemuwo ndinawapha ndine. Nkhaniyo inayamba ndi galu.

Amuna anga anali mlonda wa nkhalango ya bulugama pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Ntchitoyo anaiyamba matipate atangobwera kumene, ndipo kampani inatipatsa nyumba kumalayini, kumunsi kwa fakitale. Ine ndinkathyola tiyi nyengo ya mvula masamba akachuluka, ndipo chilimwe ndinkasamala kamunda ka chinangwa ndi nandolo. Tonse awiri tinali a Sabata, choncho tiyi amene ankatidyetsayo sitinkamumwa. Kapitawo wina ankakonda kuwaseka. "Akulu, mukulondera nkhuni zowumitsira chinthu chimene mumati n'choletsedwa?" Iwo ankangoyankha kuti, "Nkhuni zilibe mpingo, akapitawo."

Kunkhalangoko ankapita ndi galu wawo wofiira, wa khutu limodzi logwa. Anamuphunzitsa kuuwa akadali patali, kuti amayi otola nkhuni amve n'kuthawa iwo asanafike. Ankati akagwira munthu amene timapemphera naye, tsiku la Sabata maso adzawaika kuti. Panyumba tinalinso ndi mphaka wakuda amene anachokera cha kufakitale n'kudzangokhazikika yekha chifukwa cha makoswe athu.

Ana tinabereka angapo koma anakula mmodzi, wamwamuna. Itatha njala yaikulu ija, mwanayo anapita ku Joni kukafuna ntchito. Nthawi yomweyo ndi imene bambo ake anayamba kumva ludzu losatha ndi kuwonda. Kuchipatala cha mishoni anawayeza magazi n'kutiuza kuti ndi matenda a shuga. Anawapatsa mapiritsi, ndipo anamwino anayang'ana ine, osati iwo, n'kunena kuti, "Mayi, shuga m'nyumba mwanu asalowenso." Ndinamvera. Amene anatsala ndinapatsa oyandikana nawo nyumba, ndipo inenso ndinasiya kudya shuga kuti asamandione ndikudya iwo akusirira.

Munthu wosamwa tiyi, kutsekemera kwake konse kumakhala m'phala la m'mawa. Amuna anga linawavuta phala lopanda shuga. Ndinkathira nsinjiro, ndinkathira kamchere, koma ankati ndi phala la akaidi. Ankadya theka, lotsalalo n'kumuikira galu pansi m'mbale momwemo. Tinakhala choncho zaka. Kenako chitsa chinawabaya kuphazi ali kunkhalango, ndipo chilondacho chinakana kupola. Ndinkachitsuka ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo. Nsanza zomangira ndinkachapa n'kuziyanika kuseri kuti anthu asaone mafinya. Miyendo inayamba kutupa. Kuntchito ankapitabe akutsimphina, galu akuyenda pang'onopang'ono kuwadikira.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho, mwana wathu anatumiza katundu kudzera kwa bambo wina wa ku Khonjeni amene ankanyamulira anthu zinthu kuchokera ku Joni. Munali bulangete, nsapato zofewa za bambo ake, ndi paketi ya shuga woyera mbee. Anaimba pa foni ya akapitawo n'kundiuza kuti, "Amayi, shuga ameneyo ndagula kusitolo ya mankhwala. Ndi wa anthu odwala shuga. Ababa azithira m'phala, sawapweteka."

M'mawa mwake ndinathira kasupuni kamodzi. Amuna anga analawa, n'kutseka maso, n'kuseka. "Amayi, shuga ameneyu akuzizira pa lilime ngati ndanyambita mwala wa mumtsinje." Anamaliza mbale yonse n'kupukuta ndi chala. Galu anali atakhala pomwepo kudikira gawo lake la masiku onse. Iwo anamuyang'ana n'kunena kuti, "Pepa bwanawe, ichi chachokera kutali." Kuyambira tsiku limenelo galuyo sanalawenso phala lawo. Ndinkamupatsa mkute.

Kunali chiperoni masiku amenewo, chinyezi chili ponseponse m'nyumba, ndiye shugayo ndinamukhuthulira m'chitini cha mkaka chokhala ndi chivindikiro. Paketi yake ndinakolezera moto. Panali zolemba za Chingerezi, koma ine sukulu ndinalekezera panjira, sindinaone chifukwa choisungira.

Mwezi usanathe, amuna anga anasiya kukodza bwino, nkhope inatupa, ndipo anayamba kulankhula zosamveka. Thirakitala ya kampani inawafikitsa kumsewu, kumeneko tinapeza galimoto yopita kumishoni. Sanakhalitseko. Tinakawaika kwawo ku Khwethemule. Mwana wathu sanabwere, mapepala ake sanali bwino, akanatuluka sakanalowanso.

Kwathu kuno mkazi wamasiye amakhala m'manja mwa abale a mwamuna mpaka tsiku limene adzamumete ndi kumusudzula. Tsikulo amasonkhana anthu a mbali zonse ziwiri, ndipo wamkulu wa kuchimuna amanena mokweza kuti mayiyu anasamala m'bale wathu mpaka pomaliza, tilibe naye chifukwa, apite mwaufulu. Podikira tsikulo, achemwali awo aakulu a malemu anandiperekeza kumalayini kuti akhale nane, monga mwa mwambo. Anali mayi wachikulire, wowonda, wosalankhulalankhula. Ndiwo analera amuna anga amayi awo atamwalira. Sitinkadana. Tinkangolemekezana, monga achitira anthu amene anakonda munthu mmodzi.

Titafika tinapeza galu ali gone pakhomo. Oyandikana nawo anati chichokereni ife sanadye kanthu. Ndinamupatsa mkute, ananunkhiza n'kutembenuka. Ndinamupatsa mitu ya usipa, osakhudza. M'mawa uliwonse ankadzuka n'kuyenda mpaka pamene njira ya kunkhalango imayambira, n'kuima, n'kubwerera. Nthiti zinayamba kuoneka. Ndinkati ndikamuyang'ana, ndinkaona ngati ndikuona imfa ija kachiwiri.

Tsiku lina m'mawa ndinaganiza kuti mwina akamva fungo la mbale ya mbuye wake adya. Ndinaphika phala la mgaiwa mmene ndinkawaphikira, ndinathira m'mbale yawo, n'kutenga chitini chija. Ndinathira shuga wambiri ndithu, poti mwini wake kunalibenso, panalibe womusungira. Alamu anga anali pamkeka akusenda nandolo.

"Galu mukumuthirira shuga, alamu?"

"Ankamumana akali moyo," ndinatero. "Lero alaweko."

Galuyo ananunkhiza mbale nthawi yaitali, kenako anayamba kudya. Mtima wanga unakhala pansi koyamba chichitikireni maliro. Mphaka anabwera nayenso, analowetsa mutu m'mbale momwemo, ananyambita pang'ono n'kuchokapo. Ine ndinatenga ndowa kupita kumpopi.

Ndikubwerera ndinamva alamu akundiitana. Galu anali atasanza pakhonde. Anayesa kuyenda koma miyendo yakumbuyo inkapita kwake, ngati munthu wochokera kumowa. Anagwa, anadzuka, anagwanso. Kenako thupi lonse linayamba kugwedezeka, thovu likutuluka kukamwa. Amayi a nyumba yoyandikana nayo anathamanga ndi makala osinja osungunula m'madzi, tinamutsegula kukamwa n'kumumwetsa, koma sanameze. Ankati akaleka kugwedezeka, amagona maso ali chiyang'anire, kenako n'kuyambiranso. Dzuwa lisanapendeke anali atauma. Mphaka anali padenga akudzinyambita.

Ndinamukwirira ndekha kumapeto kwa munda wa chinangwa. Nditabwerako ndinapeza alamu atanjuta pakhomo, chitini chili m'manja. Anali atathira shugayo pang'ono pansi, pamzere wa nyerere, ndipo pambali anaika chikhungwa cha nzimbe chimene mwana wina anataya. Nyerere zinali zitadzaza pa nzimbe. Shuga woyerayo zinkangomulambalala.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "shuga wanji amene nyerere zikumukana?"

M'mawa mwake anamanga chitinicho m'nsalu yawo n'kubwerera ku Khwethemule.

Tsiku logawa zovala za malemu litafika, ndinapita ndi malume anga a ku Kapichi, amene anali ankhoswe a ukwati wathu. Anthu anakhala pabwalo la achimwene awo a malemu, pansi pa mtengo wa mapeyala. Achimwenewo anali mkulu wa mpingo, munthu wofatsa. Anapemphera, ndipo asanamasule thumba la zovala, achemwali awo anaika chitini pamkeka.

"Tisanagawe malaya, tiyambe tafunsa chitini ichi."

Anafotokoza zonse mmene anaonera, ndipo sananame ngakhale pamodzi. Ananena za phala, za galu, za nyerere.

"Shugayo anatumiza ndi mwana wa malemu yemwe," malume anga anatero. "Kodi mwana angatumize imfa kwa bambo ake?"

Achemwali aja anayankha kuti, "Mwana anatumiza shuga, inde. Nanga paketi yake ili kuti? Chimene chili m'chitinimu anachiona ndani polowa? Mchimwene wangayu anadwala zaka osafa. Chitini chabwera, mwezi sunathe, tamuika. Galu wadya tsiku limodzi, akwirira."

"Mphaka anadyanso," ndinatero. "Ali moyo."

"Mphaka wakuda wosadziwika kumene anachokera? Ameneyo angafe ndi mankhwala a mwini wake?"

Ena anaseka pang'ono, kuseka kwa mantha. Alamu anatembenukira kwa ine n'kulankhula motsitsa, ngati akundichitira chifundo. "Munatopa, alamu. Nenani zoona. Kuchapa mafinya n'kotopetsa, ine ndikudziwa."

Mawu amenewo anandilasa chifukwa kutopa ndinatopadi. Koma kutopa kwanga sikunalowe m'phala la munthu. Ndinaona kuti palibe mawu amene ndinganene oposa galu wakufa uja. Ndiye ndinanena chimene chinandibwerera.

"Phikani phala. Thirani shugayo mmene mungafunire. Ndidya pompano, nonse mukuona."

Malume anandigwira mkono. "Iwe, khala chete." Achimwene a malemu anati, "Alamu, ife ndife a mpingo, zotere si zathu." Koma sananyamuke, ndipo achemwali awo atapita kukhitchini palibe anawaletsa.

Anabwera ndi mbale yaikulu. Pamaso pa anthu anatsegula chitini n'kukhuthula, osati ndi supuni, koma kungopendeketsa, mpaka phala linaoneka loyera pamwamba. Anatakasa n'kundipatsa. Linali lotsekemera mopweteka mano, ndipo linkazizira pa lilime ngakhale linali lotentha, monga ananenera amuna anga. Ndinadya lonse. Ndinapukuta mbale ndi chala n'kuiika pansi chadodolido.

Kenako tinadikira. Ana anawathamangitsira kutali. Amuna ankalankhula za mtengo wa feteleza motsitsa mawu, koma maso onse ankabwerera kwa ine. Ine mumtima ndinkati, ndikafika madzulo ndili moyo, nkhani yatha, andimeta, ndizipita. Sindinkaganiza china. Mutu sunazungulire, miyendo sinagwedezeke. Ndinafika mpaka poyamba kuwamvera chisoni alamu, kuti manyazi adzawaika kuti.

Dzuwa litapendeka, m'mimba munayamba kulira ngati chigayo chakutali. Ndinasintha kakhalidwe, ndinamanga chitenje molimba. Munayamba kupota. Ndinapirira mpaka thukuta linatsika kumsana, koma thupi lili ndi malire ake. Ndinadzuka n'kupita kuchimbudzi. Chinali kuseri kwa nyumba, cha mpanda wa udzu, pafupi kwambiri, ndipo njira yake inkadutsa pamene panakhala amuna. Ndinabwerako, ndinakhala pansi, ndinadzukanso. Ulendo wina ndinachita kuthamanga. Pabwalo panali zii, moti zonse zinkamveka.

Nditabwerako komaliza, ndikuyenda chogwira khoma, gogo wina amene anakhala kumapeto kwa mkeka anati, "Sanasanze."

Alamu anaimirira. Ulemu wonse unali utatha, anayamba kundinena kuti iwe, Chichewa chikusakanikirana ndi Chilomwe. "Mwaona nokha. Sanasanze. Zatulukira kumunsi. Iwe, unamupha mwana wa amayi anga."

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinadziitanira. Kale, agogo athu akamuganizira munthu ufiti, ankamumwetsa mwavi. Wosanza ankati alibe mlandu. Wotsegula m'mimba ankati ndi mfiti, ngakhale akhale moyo. Mwaviwo unaletsedwa ine ndisanabadwe, ndipo palibe anautchula dzina tsikulo, koma lamulo lake linali likadali m'mitu ya anthu, a mpingo omwe. Ine ndinkayesa kuti kukhala moyo n'kokwanira. Iwo ankadikira kuona kumene phala litulukire.

Malume anandikweza pa kabaza ndili wofooka. Zovala anagawana ife titachoka. Sanandimete, ndipo mawu aja sananene.

Nyumba ya kumalayini kampani inapatsa mlonda watsopano, ine ndinabwerera ku Kapichi, pamalo a amayi anga. Mphaka ndinamusiya komweko. Sindinafune kuti anthu andione ndikumunyamula. Nkhani inali itafika kale ine ndisanafike. Kuchitsime amayi ankandipatsa moni bwinobwino, koma ana awo anasiya kubwera kudzakumba chinangwa nane, ndipo ndikapatsa mwana chimanga chootcha, ndinkachipeza chitatayidwa kuseri kwa mpanda.

Komabe chimene chinkandidya kwambiri sichinali anthu. Ine ndinkadziwa kuti m'chitini sindinathiremo kanthu. Koma shugayo payekha anapha galu, ndipo ine munthu wamphamvu anandipotokola m'mimba tsiku lonse. Nanga munthu amene anali wodwala kale, miyendo yotupa, akudya m'mawa uliwonse? Mwina alamu ankanena zoona mwa njira ina. Mwina dzanja langa linawapha ndithu, ndi mphatso ya mwana wawo. Mwanayo akaimba foni kwa aphunzitsi oyandikana nawo, ndinkamuuza kuti zonse zili bwino, mwambo wachedwa chifukwa cha mvula.

Ku Khonjeni kunkabwera mlangizi wa ziweto amene ankayendera anthu oweta ng'ombe zamkaka. Tsiku lina la msika ndinamudikira mpaka anamaliza ntchito yake, n'kumufotokozera za galu. Poyamba anaseka. "Mayi, galu wa kumudzi akafa mothovoka ndiye kuti wadya mankhwala a makoswe. Shuga sapha galu." Nditamuuza zonse mpaka za pabwalo, kuseka kunatha. Anakanda mutu n'kunena kuti iye sadziwa, ndipo sangandinamize. Ku Blantyre kuli dokotala amene amaona agalu a anthu olemera, angathe kukamufunsa akapita kukatenga katemera. Koma ankafuna dzina la shugayo.

Dzinalo ankalidziwa ndi mwana wanga yekha. Ndinapita pa telefoni yolipira, ya pansi pa ambulera, pafupi ndi golosale. Ndinamuuza zonse, magalimoto akudutsa, anthu akudikira kumbuyo kwanga. Kenako anati, "Amayi, ndawapha ndine ababa?"

"Ndiuze dzina basi."

"Amayi, ndawapha ndine?"

"Ndati ndiuze dzina, mwanawe."

Anati zayilito. Ndinamuuza abwereze, ndipo ndinayenda ndikulibwereza ngati vesi la pamtima mpaka ndinamupeza mlangizi uja akumanga katundu pa njinga yake yamoto.

Yankho linachedwa. Nandolo zinauma, tinakolola, ndipo ine ndinkapita kumsika ulendo uliwonse ngakhale ndinalibe chogula. Tsiku limene mlangiziyo anabwera nalo anandikhazika pa benchi ya kuseri kwa khola n'kulankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati dokotalayo akumudziwa shuga ameneyu, ndipo ndi poizoni kwa galu. Thupi la galu limamutenga ngati shuga weniweni wochuluka, ndiye limathamangira kutsitsa shuga wa m'magazi mpaka amatsala wochepa kwambiri. N'chifukwa chake galu amadzandira, amagwa, amakomoka. Ena amene apulumuka tsiku loyamba amadzafa ndi chiwindi. Safunika wambiri, ndipo galu amene wakhala osadya ndiye sachedwa. Mphaka zikuoneka kuti shugayo samupweteka chimodzimodzi, ngakhale dokotalayo anati sangalumbirire, komanso amphaka sakonda zotsekemera, amangolawa.

"Nanga munthu?" ndinafunsa.

"Munthu thupi lake silinyengeka choncho. Anthu a matenda a shuga amadya ndithu. Koma ukadya wambiri nthawi imodzi, amatsegula m'mimba. Aliyense, mayi. Ngakhale abusa."

Anawonjezera kuti tikanamupaka galuyo shuga weniweni kapena uchi m'kamwa atangoyamba kudzandira, mwina akanalimba pang'ono. Sindinamuuze kuti m'nyumba mwathu shuga weniweni munalibe kwa zaka.

Sindinakhutire ndi wa ziweto yekha. Ndinapita kumishoni n'kuwapeza anamwino amene ankawaona amuna anga. Anandikumbukira. Anati impso zawo zinali zitayamba kufa kalekale, chilonda chija chinangomalizitsa, ndipo iwo anaziona katundu wa ku Joni asanabwere n'komwe. "Mayi, phala lotsekemera limenelo mwina ndi chinthu chokhacho chimene anasangalala nacho mwezi wawo womaliza." Ndinatuluka pageti, ndinakhala m'mbali mwa msewu, pansi pa mitengo, n'kulira kulira kumene sindinalire pamaliro. Tsiku lomwelo ndinamuimbira mwana wanga. Iyenso analira, ndipo anati wakhala osagona bwino chiyambire tsiku limene ndinamufunsa dzina lija.

Ndinkayesa kuti chotsala n'chaching'ono. Ndinapita ku Khwethemule n'kuwapeza achimwene a malemu m'munda mwawo wa nthochi, akudula masamba ouma. Anandilandira bwino, anayala thumba kuti ndikhalepo. Ndinawafotokozera zonse, ndipo ndinati mlangiziyo wavomera kubwera kudzanena yekha pamaso pa anthu.

"Alamu, ine ndamva, ndipo ndakhulupirira," anatero. "Ine sindinakuganizireniko choipa. Koma anthu aja anaona ndi maso. Mlangizi ndi mlendo, adzati mwamunyengerera. Mukawauza kuti chinthu chimodzi chimapha galu, chimasiya mphaka, chimasiya munthu, adzati ndiye ufiti wakewo."

"Ndiye adye wina. Mudye inuyo, muone ngati musanze."

Anayang'ana pansi. Anati chitinicho anachiponya m'chimbudzi tsiku lomwe lija.

Kenako anati atha kundisudzula mwakachetechete. Ndibwere ndi malume, iwo aitane akazi awo andimete m'nyumba, apemphere, ndizipita mfulu. Ndinawafunsa ngati mawu aja adzanenedwa pabwalo, pamene ananditchulira kuti ndinapha. Anati zimenezo zidikire kaye mtima wa achemwali uphwe, akalamba, asawakhumudwitse. Ndinawauza kuti ndidikira nawo. Ananditukwana poyera, andiyeretsenso poyera.

Ndinadikira. Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Achemwaliwo ndinakumana nawo kamodzi pa msonkhano wa misasa wa mpingo. Tinaimba nyimbo imodzi, anthu ochepa okha ali pakati pathu. Potuluka ndinawapatsa moni, iwo anayang'ana kumbali n'kukoka mdzukulu wawo kumuchotsa pafupi nane. Sindikhulupirira kuti anali munthu woipa. Anaona galu akufa, ndipo anali atalera mwana amene anafa.

Uthenga wa maliro a achemwaliwo unandipeza ndikupalira. Malume anati ndisapite. Ndinapita, chifukwa anali alamu anga, ndipo pamwambo ndinali ndikadali mkazi wa pakhomopo. Ndinakhala ndi amayi m'nyumba ya siwa, ndinaimba nawo. M'mawa ndinapita kumene ankaphikira, ndinaona mphika wa ndiwo ulibe woutakasa, ndinatola chipande. Mtsikana wina amene sindinkamudziwa, wokwatiwa kumene pamudzipo, anandilanda chipandecho mwaulemu kwambiri, atagwada.

"Pumani, amayi. Tiphika tokha."

Amayi onse anali atasiya zimene ankachita. Ndinabwerera kukakhala pamkeka.

Titachoka kumanda, achimwene a malemu anandiitanira pambali, kuseri kwa nkhokwe. Anali atakalamba, akuyendera ndodo. Ndinawafunsa ngati tsopano nthawi yakwana, poti anthu onse alipo, a ku Kapichi okha ndi amene angaitanidwe mawa.

"Alamu, mwini nkhani wagona. Tikanena lero, tikhala ngati tikumuyalutsa dothi lisanaume. Tikanena mawa, ana ake adzati tinkadikira kuti afe. Lumo lilipo m'nyumbamu. Tiyeni tingomaliza, inu ndi ine ndi Mulungu tikudziwa."

Anali munthu wabwino, ndipo ankafunadi kundithandiza mwa njira imene sikanamuvutitsa. Ndinawauza kuti lumolo asunge. Ndinatsanzika, ndinayenda mpaka pamsewu, n'kukwera kabaza.

Mwana wanga anadzabwera mapepala ake atakonzeka, ali ndi mkazi ndi khanda. Anabwera ndi maganizo omanga chiliza pa manda a bambo ake, simenti anali atagula kale. Atamva za chipande chija, anati kumudzi kumene amayi ake sangagwire mphika iye sapondako. Ndinamuchonderera kuti manda ndi a bambo ake, alibe mlandu. Anakana, ndipo ndinaona kuti mkwiyo wake suli pa iwo okha, uli pa paketi imene anagula ndi manja ake. Simentiyo inakhala pakhonde panga mpaka inagwira chinyezi n'kuuma m'matumba momwemo. Manda a amuna anga akadali mulu wa dothi, ndipo ndimamva kuti mvula ikuuphwetsa chaka ndi chaka.